COTUPA CA PA NKHAMA ZA MWANA WAKHANDA

Nthawi zina, koma osati kawirikawiri, mwana amabadwa ali ndi cotupa pa nkhama zace, pamalo pamene mano a patsogolo adzamera. Cotupaci ncosalala, cofiirira ngati nkhama zomwe, ndipo kawirikawiri cimalendewera pa kamphuno kakang'ono. Cina cimakhala ngati nyemba, cina cimakula mpaka kutulukira kunja kwa milomo.

Madokotala amati cotupaci ndi congenital epulis. Anayamba kucifotokoza ndi dokotala wa ku Germany dzina lace Neumann m'caka ca 1871. Cimapezeka kwambiri pa nkhama za m'mwamba kuposa za m'munsi, ndipo mwa ana 10 obadwa naco, pafupifupi 9 amakhala akazi. Cimakula mwana ali m'mimba. Akabadwa cimaleka kukula.

Makolo ayenera kudziwa kuti cotupaci si khansa. Sicifalikira m'thupi, sicipatsirana, ndiponso si cizindikiro ca ufiti kapena kulakwa kwa mai. Koma cikakhala cacikulu cimaletsa mwana kutseka pakamwa ndi kugwira bere, ndipo nthawi zina cimamsautsa popuma. Khanda losayamwa limafooka m'masiku owerengeka.

Cifukwa cace mwana wotere apite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Ngati sakuyamwa, mai afinyire mkaka wace m'kapu yoyera ndi kumwetsa mwana pang'ono pang'ono ali pa ulendo. Munthu asayese kudula cotupaco ndi lezala, kucimanga ndi ulusi kapena kutemerapo mankhwala a zitsamba. Khanda liri ndi magazi ocepa, ndipo bala la cipangizo cosawiritsa lingalowetse kafumbata, amene amapha ana.

Ku cipatala dokotala amacotsa cotupaco ndi opaleshoni yaing'ono, ndipo mwana amayambanso kuyamwa posacedwa. Cikacotsedwa sicimeranso, ndipo mano amatuluka pa nthawi yace. Cikakhala cacing'ono cosasautsa mwana, dokotala angacisiye namaciyang'anira, pakuti zina zimaphwa zokha.

Koma pali kutupa kwina kumene makolo ndi aphunzitsi ayenera kukusiyanitsa ndi kumeneku. Mwana wa zaka 4 kufikira 10 akatupa cibwano kapena tsaya, kutupako kukukula mofulumira m'masabata ocepa, mano nayamba kugwedera, imeneyo ingakhale khansa imene Dr. Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda m'caka ca 1958. Khansayi imapezeka m'dziko muno, makamaka kumene kuli malungo ambiri. Ana ambiri amacira akalandira mankhwala msanga, monga ku cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ca Kamuzu Central ku Lilongwe.

Maso okha sangathe kuweruza kuti cotupa ici ncabwino, ici ncoipa. Ndi dokotala amene angapime. Aphunzitsi ndi mafumu afotokozere anthu ao zimenezi pa misonkhano, kuti mwana wa cotupa m'kamwa asabisidwe m'nyumba cifukwa ca manyazi.