Chitsulo Chimatopa, Nanga Namwino?

Mukapinda waya kamodzi, sathyoka. Koma mupindeni uku ndi uku pamalo omwewo kambirimbiri: amayamba kufunda, kenako thyo! Mphamvu imene mwamaliza nayo siyoposa imene munayamba nayo. Chathyola wayayo ndi kubwerezabwereza. Mu physics izi timazitcha metal fatigue, kutopa kwa chitsulo.

Vutoli linaphapo anthu. Mu 1954 ndege ziwiri za mtundu wa de Havilland Comet zinaphwasukira mumlengalenga kufupi ndi Italy. Ndege ikakwera, mpweya wopoperedwa m'kati unkafufumitsa thupi lake. Ikatsika, thupilo linkafota. Ulendo uliwonse timing'alu tosaoneka ndi maso tinkakula, mpaka chitsulo chinang'ambika.

Munthu si chitsulo ayi, koma chithunzichi chikutithandiza kumvetsa zimene zimachitikira anthu ogwira ntchito m'zipatala. Taganizirani namwino usiku, akulandira mwana amene wakomoka ndi malungo. Thupi la namwinoyo limatulutsa adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda msanga, shuga amachuluka m'magazi, maso amakhala tcheru. Izi n'zabwino, zimamuthandiza kupulumutsa moyo. Mukukumbukira lamulo la Hooke? Sipuling'i imabwerera mwakale mukaichotsera katundu, bola musapyole elastic limit. Kwa munthu, kubwererako ndi tulo ndi kupuma. Tsono bwanji ngati odwala ali pamzere mpaka panja, mankhwala atha, mnzake wosinthana naye palibe, ndipo mawa zikhala chimodzimodzi? Katundu sakuchoka.

Mu 1974 katswiri wa zamaganizo Herbert Freudenberger analemba za anthu odzipereka amene ankagwira nawo ntchito pachipatala chaulere ku New York. Ankabwera ndi changu, koma m'kupita kwa nthawi ankafooka ngati nyali yotha mafuta. Vutoli analitchula kuti burnout. Mu 2019 bungwe la WHO linalifotokoza ngati vuto lochokera kuntchito, osati matenda, ndipo linatchula zizindikiro zitatu: kutheratu mphamvu, kutaya mtima pantchito n'kumaiona ngati yopanda pake, ndi kulephera kuigwira bwino monga kale.

Chizindikiro chachiwiricho ndi chimene odwala amachiona. Namwino woyankha mwaukali mwina anayamba ntchito ali wachifundo. Alangizi ndi madokotala a zamaganizo nawo ali pachiopsezo, chifukwa tsiku lonse amamvetsera za imfa, nkhanza ndi chisoni, ndipo lamulo losunga chinsinsi siliwalola kukazikamba kunyumba. Wotopa saika bwino maganizo pa zimene akuchita, ndiye kulakwitsa mlingo wa mankhwala sikuchedwa.

Nanga yankho lake? Mainjiniya a Comet sanauze chitsulo kuti "limba mtima". Anamiza thupi la ndege m'thanki yamadzi, n'kumalipopa ndi kuliphwetsa mpaka anaona pamene mng'alu umayambira, kenako anasintha kapangidwe kake. Akatswiri ena awiri, Richard Lazarus ndi Susan Folkman, analemba mu 1984 kuti pali njira ziwiri zolimbana ndi nkhawa. Yoyamba ndi kukonza vuto lenilenilo: kugawana bwino mashifiti, kuyamba ndi wodwala kwambiri, kuuza akuluakulu zimene zikusowa. Yachiwiri ndi kusamala mtima pa zimene sungazisinthe, monga imfa ya wodwala: kukamba ndi anzako apantchito kapena mlangizi. Njira zonsezi n'zofunika, komabe namwino mmodzi sangadzilembere anzake ntchito. Mbali imeneyo ndi ya oyendetsa chipatala ndi boma.

Chitsulo chikang'aluka sichidzipoletsa chokha, pamene munthu amachira akapatsidwa mpata. Inu amene mukulota za unamwino kapena udokotala mukatha MSCE, musabwerere m'mbuyo, dziko likukufunani. Ingoyambani pano kudziwa malire anu. Ngati mwagona usiku wonse koma mwadzuka otopabe kwa masabata angapo, chepetsani katundu ndipo uzani wina.