MFUTI YAKALE IMANENA YOKHA ZAKA ZAKE

Anzanga, m'midzi yathu kuno ku Kasina zimamveka kuti wina wafukula chimfuti chadzimbiri pokumba maziko a nyumba, kapena kuti banja lina likusunga mfuti ya agogo kudenga. Ukafunsa zaka zake, yankho limangokhala lakuti "n'njakalekale, ya nthawi ya nkhondo za Angoni." Koma kalekale si chaka ayi. Mfuti zambiri zinalembedwa zaka zake pathupi pomwe, chofunika n'kudziwa poyang'ana.

Choyamba, zindikirani mtundu wake. Zambiri zam'midzi ndi gogodera. Gogodera amaithira onga kukamwa, n'kuponyamo chipolopolo, n'kutsendera ndi kandodo. Mu 1890 maiko a ku Ulaya anagwirizana ku Brussels kuti anthu akuda a mbali yathu ino asamagulitsidwe mfuti zamakono, koma zachikale zokhazokha. Ndiye mukaona mfuti yokhala ndi chitsulo chopindika kunsi, kuseri kwa pokhethemulira, chomwe chimatsika ndi kukwera ngati mpini wa mjigo, dziwani kuti mwapeza ina yosowa. Chitsulocho Azungu amati lever. Mfuti yotere chipolopolo chimalowera kumbuyo, osati kukamwa.

Yodziwika kwambiri mwa zoterezi ndi Martini-Henry, imene asilikali a Britain anayamba nayo mu 1871. Dzinali ndi la anthu awiri: Friedrich von Martini wa ku Switzerland ndi Alexander Henry wa ku Scotland. Imalowa chipolopolo chimodzi basi. Ukatsitsa chitsulo chija, pamwamba pamatseguka ndipo chikhokho cha chipolopolo chakale chimatuluka chokha. Ndi mfuti imene Angerezi ananyamula pa Isandlwana mu 1879, tsiku limene Azulu anawagonjetsa. Kuno kwathu mfuti za mtunduwu zinali m'gulu la zida za nthawi ya nkhondo za atsamunda, pamene Mlozi anaphedwa ku Karonga mu 1895 ndi Inkosi Gomani woyamba mu 1896.

Tsono zaka zake mungazidziwe bwanji? Yang'anani chitsulo chapakati, pamene thabwa lakumbuyo lakumana ndi mpaipi, mbali ya kumanja. Pamwamba pali chisoti chachifumu. Pansi pake pali zilembo V.R., kutanthauza Mfumukazi Victoria. Kenako pali dzina la fakitale, kawirikawiri ENFIELD, ndiye pakubwera chaka chenichenicho, monga 1876 kapena 1887. Pansi penipeni pali nambala yachiroma, I, II, III kapena IV, yosonyeza mtundu wake. Nambala zachiroma zija timadana nazo m'kalasi, apa zagwira ntchito! Mtundu II unavomerezedwa mu 1877, III mu 1879, ndipo IV yambiri imadziwika patali chifukwa chitsulo chake chakunsi n'chachitali kuposa cha inzake. Mukaonanso kachizindikiro konga mutu wa muvi, ndiye kuti mfutiyo inali katundu wa boma la Britain.

Musaiwale kutembenuza. Kuyambira mu 1895 mfuti zambiri za Martini-Henry anaziika mpaipi wina woonda mkati, wa zipolopolo za .303, n'kuzitcha Martini-Enfield. Zoterezi zili ndi zaka ziwiri: kumanja chaka chopangidwa, kumanzere chaka chosinthidwa.

Palinso zachinyengo. Amisiri a kumalire a Pakistan ndi Afghanistan ankasula mfuti zofanana ndi Martini, n'kukopera zilembo osadziwa tanthauzo lake. Mfumukazi Victoria anamwalira mu 1901. Ndiye mukaona V.R. pamodzi ndi chaka ngati 1915, kapena chilembo N cholembedwa chotembenuka, ameneyo ndi fwifwi wokhawokha.

Mtundu wina ndi Winchester wa ku America, uja timauona m'mafilimu a makauboyi. Iyi ili ndi mipaipi iwiri: wapamwamba wowombera, wapansi wosungira zipolopolo zingapo, ndipo pambali pali kakhomo kolowetsera. Pano pali msampha. Pakalembedwa kuti Model 1873, si kuti inapangidwa mu 1873 ayi. Limenelo ndi dzina la mtundu chabe, ndipo mtundu umenewu anaupanga kwa zaka pafupifupi 50. Chaka chenicheni chimadziwika ndi nambala ya mfutiyo, imene pa mtundu umenewu ili kunsi, kuseri kwa chitsulo chija. Akatswiri amaifananiza ndi kaundula wa fakitale.

Kumbukiraninso kuti chaka cholembedwacho n'chimene mfuti inabadwa, osati chimene inafika ku Dedza. Mwina inayamba yatha zaka 20 ili kwina. Apa m'pamene agogo amafunika: anaibweretsa ndani? Anali msilikali wa KAR, mlenje kapena mtengatenga? Mutu umodzi susenza denga: zilembo zinene zake, akuluakulu anene zawo.

Pomaliza, chonde, osaikwecha ndi mchenga kapena sandipepa kuti iwale. Zilembozo n'zosazama, zikafufutika mbiri yapita. Osaigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Osayesa kukhethemula, osasuzumira kukamwa kwake, osaiika pamoto, chifukwa mwina chipolopolo chikadali momwemo ndipo onga wakale umaphulikabe. Kusunga mfuti popanda chiphaso n'kulakwira malamulo a dziko lino, ngakhale ikhale yadzimbiri chotani. Mukaipeza isiyeni pomwepo, uzani makolo ndi a mfumu, iwo adziwitse apolisi. Ngati zilembo zikuoneka osaikhudza, zikopereni m'kope kapena zijambuleni pafoni, mubwere nazo kwa aphunzitsi a mbiri. Malo oyenera chinthu chotere ndi kosungira zinthu zakale monga ku Chichiri ku Blantyre, kumene ana asukulu a dziko lonse angakachione.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2