Zilembo za AA, AS ndi SS M'buku la Mwana

Amayi, mwana wanu akayezedwa magazi ngati ali ndi matenda a sickle cell, adokotala amalemba m'buku lake zilembo ziwiri: AA, AS kapena SS. Musangopinda bukulo ndi kuliika m'chikwama. Funsani kuti alemba ziti.

M'magazi muli chinthu chotchedwa hemoglobin chimene chimanyamula mpweya m'thupi. Chilembo A chikuimira hemoglobin wabwinobwino, S chikuimira wa sickle cell. Zilembozi ndi ziwiri chifukwa chimodzi mwana amatengera kwa mayi, china kwa bambo. Mwana wa AA alibe matendawa. Wa AS kawirikawiri sadwala, ndiponso ali ndi kachitetezo ku malungo aakulu, ngakhale kuti ayenera kugonabe m'neti. Wodwala ndi wa SS. Maselo ofiira a magazi ake amapindika ngati chikwakwa, amatseka timitsempha ndi kufa msanga.

Nanga S amachokera kuti? Malangizo a chibadwa chathu, otchedwa DNA, amalembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Akatswiri amalemba kusinthaku motere: HBB c.20A>T. Ndiye kuti pa malo a nambala 20 m'malangizo opangira hemoglobin, T walowa pamene panayenera kukhala A. (A uyu ndi wina, si uja wa m'buku la mwana.) Chilembo chimodzi basi!

Tsono tamverani apa. Mwana sangakhale SS ngati mayi yekha ndiye ali ndi S. Bambo nayenso ali naye, ngakhale akuoneka athanzi. Choncho apongozi asakulozeni chala, ndipo si ufiti ayi. Ngati nonse muli AS, pa mimba iliyonse pali mpata umodzi mwa inayi woti mwana akhale SS. Tikuti iliyonse: kubadwa kwa wodwala mmodzi sikutanthauza kuti atatu otsatira adzapulumuka.

Zizindikiro zimayamba mwana akafika cha m'miyezi 6: kutupa manja ndi mapazi, kulira ndi ululu, maso achikasu ndi kuchepa magazi. Mwana wa SS alandire katemera yense, amwe madzi ambiri, mum'funditse kukazizira, ndipo funsani za mankhwala a penicillin ndi hydroxyurea. Akatentha thupi, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Tengani abambo ake ndi ana enawo kuti nawonso akayezedwe.