Akalira pakanema ndiye kuti walapa?

Pali milandu ina imene sifika kwa mfumu ngakhale kubwalo la majisitireti, koma imazengedwa tsiku ndi tsiku m'masaluni, pamipope yotunga madzi ndi m'maminibasi ochoka ku Soche kupita ku Limbe. Oimbidwa mlanduwo sapezekapo, pakuti ena ali ku Johannesburg, ena ku Lagos, ena ku Mumbai, ndipo kunena zoona onsewo ndi anthu opeka a m'masewero a pakanema. Koma oweruza ake, omwe ndi amayi, atsikana komanso abambo ena amene savomera pagulu kuti nawonso amaonera, amaugwira mlanduwo ngati wa mbale wawo.

Mafunso ake amakhala awiri. Loyamba: kodi munthu woipa uja, amene wazunza anzake miyezi yambirimbiri, akagwada n'kugwetsa misozi tizinena kuti wasintha? Lachiwiri: kodi uje ayenera kukwatira uje, kapena winayo?

Ku Soche nkhani za kanema zidayambira pakhomo penipeni. Television Malawi idayamba kuulutsa pa 1 April 1999 kuchokera ku Kwacha, pamtunda woti munthu wa ku Soche East kapena kwa Kamba amayenda wapansi. Isanabwere, masewero tinkawaonera m'makutu, pa wailesi ya MBC: Kapalepale, Pamajiga, Sewero la Sabata Ino, kenako Zimachitika la bungwe la Story Workshop lomwe lidayamba mu 1997. Kanema atafika, nyumba imodzi yokhala naye inkadzaza ndi ana a mdadada wonse, ena pamkeka, ena akusuzumira pawindo.

Sewero lomwe lidagwira mitima nthawi imeneyo ndi Tikuferanji, la a Michael Usi, omwe dzina la Manganya lidawamatirira mpaka pamene adakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino mu June 2024, Dr Saulos Chilima atamwalira pangozi ya ndege ku Chikangawa. Tikuferanji lidabadwa pamene Edzi imatha anthu m'makomo, ndipo dzina lakelo lidali funso kwa oonera. Masewero ambiri ophunzitsa padziko lapansi amatsata njira yomwe adatchukitsa Miguel Sabido wa ku Mexico m'zaka za m'ma 1970: pamakhala munthu wabwino, pamakhala woipa, ndipo pakati pawo pamakhala wachitatu wogwedezeka, yemwe oonera amamutsatira mpaka atasankha njira. Pamasewero otere kusintha kwa munthu ndiye phunziro lenilenilo. Sakangolira ayi, amapita kukayezetsa magazi, amakaulula kwa mkazi wake, amasiya chibwenzi chamseri, ndipo iwe woonera umaona ndi maso zimene kusinthako kwamudyera.

Koma mkangano weniweni udabwera ndi madishi. M'zaka za m'ma 2000 madikoda otchipa a Philibao ndi Wiztech adadzaza m'misika, ndipo madenga a ku Zingwangwa, Chilobwe ndi Chimwankhunda adamera mbale zoyang'ana kumwamba. Popanda kulipira mwezi ndi mwezi, anthu ankaonera SABC ya ku South Africa, mpaka mu 2013 pamene njirayo idatsekedwa. Zaka zimenezo zidakwanira kuti mayina a Karabo, Tau, Ntsiki, Cherel ndi Barker Haines alowe m'makomo ngati a anansi.

Tengani Cherel wa mu Isidingo, sewero lomwe lidayamba mu 1998 n'kutha mu March 2020. Mayiyu, yemwe ankaseweredwa ndi malemu Michelle Botes, adakwatiwa ndi Barker Haines, mpondamatiki wouma mtima, ndipo adapha Duncan, mwana wa mwamuna wakeyo. Nthawi ndi nthawi olemba ankamufewetsa nkhope, kumuonetsa ali yekha, wosweka mtima, kufikira oonera ena ayambe kumumvera chisoni. Apo mpamene mkangano unkabuka. Achifundo ankati munthu sabadwa woipa, chilipo chidamupweteka. Anzawo ankati dikirani Lachisanu muone.

Ndipo nthawi zambiri opambana ankakhala a dikiraniwo. Chifukwa chake si ufiti. Sewero loonetsedwa masiku asanu pasabata, chaka ndi chaka, limayenda ndi munthu woipa monga galimoto iyendera mafuta. Akalapadi, olemba atsala ndi chiyani choti alembe Lolemba? Tsono amamulapitsa kwa milungu ingapo kuti oonera apume, kenako n'kumubwezera kuntchito yake. Amene adaonera Generations kuyambira masiku a Ntsiki Lukhele adazolowera zimenezi, moti woipa akayamba kulankhula mofatsa iwo amayamba kuwerenga masiku.

Mafilimu a ku Nigeria, omwe adadzaza m'mavidiyo sho a ku Ndirande ndi Bangwe asanalowe m'nyumba pamadisiki, adabwera ndi kalapidwe kena. Filimu imayenera kutha, ndiye woipayo amayenera kuthedwa nayo. Chitsanzo chake chidaikidwa kale ndi Living in Bondage ya mu 1992: Andy akupereka mkazi wake Merit ngati nsembe kuti alemere, chuma chikubweradi, mzimu wa mkaziyo ukumusautsa mpaka achita misala, ndipo pamapeto akupulumukira m'mapemphero. Mafilimu osawerengeka adatsata mapazi omwewo. Apongozi ankhanza, omwe Patience Ozokwor adawasewera mpaka anthu kuiwala kuti n'zosewera, amazunza mtengwa mbali yoyamba yonse ndi theka la yachiwiri, kenako m'mphindi khumi zomaliza agwa pansi, aulula zonse pamaso pa abusa, nyimbo ilira, basi.

Apa oonera a kwathu amagawanika mosangalatsa, ndipo mbali zonse zimathamangira ku Baibulo. Ena amakumbutsa za mbala ija yomwe idakhululukidwa ili pamtanda, nthawi yokonza zimene idaononga itatha kale. Ena amayankha ndi Zakeyu, yemwe sadangolira koma adalonjeza kubweza kanayi zimene adalanda. Gulu lachiwirili limafunsa funso lovuta kuliyankha: Andy wapulumuka, chabwino, nanga Merit? Nanga abale a Merit adalandira mawu otani?

Funso limeneli likuchokera kumudzi. Kwathu kuno kupepesa si nkhani ya anthu awiri m'chipinda. Mwamuna akalakwira mkazi wake kwambiri, ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi, wolakwa amanena ndi pakamwa pake chimene adachita, nthawi zina pamatuluka nkhuku kapena mbuzi, ndipo amalume a mkazi amamva ndi makutu awo lonjezo loti sizidzachitikanso. Kulapa kumakhala ndi mboni, ndipo mbonizo zimakhala zikuyang'anabe chaka chamawa. Woonera amene adakulira m'mwambo umenewu akaona munthu akukhululukidwa chifukwa choti wagwetsa misozi nyimbo yachisoni ikulira kumbuyo, amaona ngati mlandu watha ankhoswe asanafike.

Mlandu waukulu koposa udabwera mu 2015 pamene Zee World idayamba kuonetsa pa DStv masewero a ku India omasuliridwa m'Chingerezi. Pakati pawo padali Twist of Fate, lomwe kwawo limatchedwa Kumkum Bhagya ndipo lidayamba mu April 2014. Amene sadalionere adalimvabe, chifukwa kudali kovuta kumangitsa tsitsi ku Soche kapena kwa Manje osamva za Abhi ndi Pragya. Magetsi akazima madzulo, m'mawa mwake funso loyamba pampope silidali la madzi ayi, koma loti kodi achemwali, kwanu adayaka, zidatha bwanji dzulo?

Nkhani yake, kwa amene idawapita, ili motere. Abhi ndi woimba wotchuka komanso wolemera. Pragya ndi mphunzitsi wofatsa, wovala magalasi, wa m'banja losalemera. Abhi akumukwatira osati chifukwa cha chikondi koma pofuna kumukhaulitsa: iye ndi mchemwali wake Aliya akuganiza kuti Pragya ndiye walanda Purab, mwamuna yemwe Aliya amamufuna, chonsecho wokondedwa wa Purab ndi Bulbul, mng'ono wake wa Pragya. M'nyumbamo Pragya akunyozedwa, akusekedwa, kwinaku Abhi akupitiriza chibwenzi chake ndi Tanu. Pragya akupirira. Pang'ono ndi pang'ono mtima wa Abhi ukusungunuka, ndipo awiriwa akusanduka banja lomwe oonera mamiliyoni, ku India ngakhale kuno, ankalilirira kuti lisathe.

Ambiri ku Soche adali kumbali ya banjali, ndipo zifukwa zawo n'zomveka. Amati Abhi adachita kunamizidwa, choonadi chitadziwika adasintha. Amati Pragya sadali chitsiru, pakuti nthawi ina, mothandizidwa ndi agogo ake a Abhi, adabwerera m'nyumbamo atatenga ulamuliro wa chuma chonse n'cholinga choti ayalutse Tanu, yemwe ankanamizira Abhi mimba ya mwamuna wina. Amatinso, makamaka amayi achikulire, ndi mmene banja limakhalira: sulithawa chaka choyamba.

Koma padali ena, ochepa koma olankhula mokweza, ambiri mwa iwo atsikana ogwira ntchito m'tauni, omwe ankakana. Iwo ankati kunamizidwa si chifukwa chokwatirira munthu kuti umuzunze. Ngakhale Pragya akadakhaladi wolakwa, mwamuna amene nzeru yake yoyamba ndi kutenga mkazi kukamukhaulitsira m'nyumba wadziulula kale mtima wake. Ndipo ankafunsa kuti Abhi adalipira chiyani. Nyumba idakhalabe yake, kutchuka kudakhalabe kwake, mkazi adamupezabe. Wolipira adali Pragya, ndi misozi ya zaka.

Pamfundo iyi atsikanawa sakuphonya, ndipo mpamene nkhaniyi imasiya kukhala yoseketsa. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu yemwe ofesi ya National Statistical Office idachita mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti amayi 42 pa 100 alionse omwe adakhalapo pabanja adachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa zogonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, ndipo kupolisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa. Koma aliyense amene adakhalapo pafupi ndi nkhani zotere akudziwa mawu amene amatseka milandu yambiri isanafike patali: wapepesa, akuti wasintha. Akudziwanso malangizo amene mtsikana amapatsidwa pachinkhoswe ndi pabraido shawa, oti banja ndi kupirira ndipo za m'nyumba sazitulutsa kunja.

Palibe akunena kuti mayi amabwerera kwa mwamuna womumenya chifukwa cha Zee World. Amabwerera kaamba ka ana, lendi, fizi ndi mawu a abale. Koma sewero loonetsedwa usiku ulionse, lonena kuti mwamuna wouma mtima ali ndi mtima wabwino wobisika womwe mkazi wopirira yekha ndiye angaufukule, limathirira malangizo omwe aja. Ntchito yosintha mwamuna limaisenzetsa mkazi. Ndipo pakanema kupirirako kumalipira nthawi zonse, chifukwa olemba adakonza kale kuti kulipire, pomwe kwa Manje kulibe wolemba amene walonjeza zimenezo.

Chodabwitsa china n'chakuti chifundo cha oonera chimasankha. Abhi adakhululukidwa msanga, koma yesani kunena musaluni kuti naye Tanu adali ndi mbali yake, pakuti iye ndiye adali chibwenzi cha Abhi Pragya asanabwere. Mutuluka tsitsi lisanathe. Mkazi woipa pakanema salapa m'maso mwa oonera, ndipo omukana kwambiri amakhala akazi anzake, mwina chifukwa aliyense ali naye Tanu wake amene amamudziwa dzina ndi pokhala.

Zomwezi zidaoneka ndi Karabo Moroka wa mu Generations. Kwa zaka zambiri oonera ankafuna kuti athere kwa Tau Mogale, ndipo pamene Connie Ferguson amachoka m'seweroli mu 2010, atakhalamo zaka 16, olemba adawapatsa zimene ankafunazo. Koma sewerolo litabwereranso kumapeto kwa 2014 ndi dzina la Generations: The Legacy, Karabo adadza ndi nkhani ina: adafuna kutenga Zola Radebe ngati mwamuna wachiwiri, Tau ali pomwepo. Apa n'kuti SABC itazima kale pamadikoda aulere, koma nkhaniyo idafika ndithu kudzera kwa abale a ku Joni ndi pa Facebook. Abambo omwe saona vuto ndi mitala adatukwana ngati nkhaniyo yachitikira pakhomo pawo. Amayi ena adaseka chamumtima, koma pofika poweruza ambiri adagwirizana ndi abambowo kuti Karabo wanyanya.

Nanga Abhi ndi Pragya zidatha bwanji? Olemba adawalekanitsa n'kuwabwezeretsa kangapo, kudzera m'ngozi, kuiwala zakale ndi mabodza a Tanu ndi Aliya. Mu 2019 adadumphitsa nkhaniyo zaka 20 n'kuipereka kwa ana awo amapasa omwe adakula mosiyana: Prachi kwa mayi ake, Rhea m'nyumba ya bambo ake, pafupi ndi azakhali ake Aliya. Kenako adaika pakati pawo mnyamata mmodzi, Ranbir. Sewerolo lidapitirira mpaka kupyola zigawo 3,000, ndipo m'masaluni a ku Soche mlandu udatsegulidwanso ndi mayina atsopano: Ranbir ayenera Prachi kapena Rhea, ndipo Rhea akadzalira n'kupepesa kwa m'bale wake, amukhulupirire ndani?