Ndani Amaika Tsamba Pamwamba pa Google?

Mukalemba funso pa Google, masamba okamba za nkhaniyo amatha kufika mamiliyoni, koma ambirife timangotsegula awiri kapena atatu a pamwamba. Ndiye kuti amene amandandalika masambawo ali ndi mphamvu yaikulu pa zimene anthu amadziwa za mankhwala, malamulo ngakhalenso ndale. N'chifukwa chake nzika iliyonse iyenera kudziwa mmene mndandandawo umapangidwira.

Makina ofufuzira akale, monga AltaVista, ankadalira kwambiri mawu olembedwa patsamba lenilenilo. Eni masamba sanachedwe kupeza mpata wobera. Ankabwereza liwu limodzi kambirimbiri, mwinanso ndi zilembo zoyera pamalo oyera, kuti maso a munthu asazione koma makina aziwerenge. Mu 1996, ophunzira awiri a pa yunivesite ya Stanford ku California, Larry Page ndi Sergey Brin, anayamba kuyesa njira ina: m'malo momvera tsamba likudzitama lokha, anafuna kumva zimene masamba ena akunena za ilo. Njirayo anaitcha PageRank, ndipo ndi imene inali maziko a Google pamene kampaniyo inkakhazikitsidwa mu 1998.

Njirayo imatenga linki iliyonse yochokera patsamba lina kupita kwanu ngati voti. Koma m'chisankho chimenechi mavoti salemera mofanana. Linki yochokera patsamba limene masamba ambiri odalirika amalilozera imalemera kuposa malinki ochuluka ochokera m'masamba osadziwika. Komanso tsamba lililonse limagawa mphamvu yake kwa onse amene lawalozera, moti likaloza masamba 100, lililonse limalandira kagawo kakang'ono kuposa likanaloza awiri. Popeza mphamvu ya tsamba lililonse imadalira mphamvu ya ena, kompyuta imawerengera mobwerezabwereza mpaka manambala atakhazikika.

Page ndi Brin anafotokozanso masamuwa poyerekeza munthu amene akungodina malinki mwachisawawa. Pa maulendo 100 alionse, maulendo 85 amatsata linki ya patsamba limene ali, ndipo maulendo 15 amatopa n'kukayambira pena paliponse. Tsamba limene munthu wotereyu angamafikepo kawirikawiri ndi limene limakhala ndi PageRank yaikulu.

Malinki atasanduka chuma, ntchito yotchedwa search engine optimization, mwachidule SEO, inakula kwambiri. Ndi ntchito yokonza webusayiti kuti izioneka pamwamba popanda kulipira malo otsatsa malonda. Mbali yake yaikulu ilibe vuto ngakhale pang'ono: kulemba mitu yomveka, kupepuza tsamba kuti lizitseguka msanga pafoni, kulumikiza bwino masamba a webusayiti yanu, ndi kulemba zinthu zothandiza zoti ena afune okha kuzilozera.

Mbali inayo ndi kugula mavoti. Kuyambira mu 2000, Google inkaonetsa poyera nambala ya PageRank ya tsamba lililonse, kuyambira 0 mpaka 10, ndipo nambalayo inasanduka mtengo wa pamsika. Anthu anayamba kugulitsa malinki, ena n'kumanga mawebusayiti ambirimbiri opanda kanthu amene ntchito yawo inali kulozerana okhaokha. Mawu olembedwa pa linki nawonso ankawerengedwa, ndipo mu 2003 anthu otsutsa Pulezidenti George W. Bush anagwirizana kulozera tsamba la mbiri yake ndi mawu onyoza, mpaka linkabwera pamwamba wina akafufuza mawuwo. Google inakonza zimenezi mu 2007. Mu 2011, nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti sitolo yaikulu ya J.C. Penney inkakhala pamwamba pa mawu ambiri chifukwa cha malinki olipiridwa, ndipo Google inaitsitsa kwa kanthawi.

Google yakhala ikutseka mipata pang'onopang'ono. Mu 2005 panabwera chizindikiro cha nofollow, chimene mwini tsamba amaika pa linki pouza makina kuti sakuyiikira kumbuyo. Mu 2012 kusintha kotchedwa Penguin kunagwetsa mawebusayiti ambiri amene anakwera ndi malinki achinyengo, ndipo mu 2016 nambala ya poyera ija inachotsedwa. PageRank ikugwirabe ntchito, koma lero ndi chimodzi chabe mwa zizindikiro zambiri, pamodzi ndi tanthauzo la funso, chilankhulo ndiponso dera limene wofufuzayo ali. Mmene zizindikirozi zimalemerera ndi chinsinsi cha kampani.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti malinki amayeza kutchuka, osati choonadi. Amene anatchuka kale amaonedwa kwambiri, n'kulandiranso malinki ena, pamene bungwe laling'ono lodziwa bwino nkhani yake limatsalira kumapeto. Zilankhulo zokhala ndi masamba ochepa pa intaneti, monga Chichewa, zimavutika kwambiri, poti masamba oti alozerane ndi ochepa. Amene timalemba m'chilankhulochi tikamalozera ntchito zabwino za anzathu, timakhala tikuponya nawo voti.

Wowerenga ayambe waona ngati zotsatira za pamwamba zalembedwa kuti Sponsored, chifukwa amenewo ndi malo ogulidwa ndipo sadutsa m'njira tafotokozayi. Kenako aone mwini tsambalo, tsiku limene linalembedwa, ndipo pa nkhani ya thanzi kapena ndalama ayerekeze ndi webusayiti ya unduna kapena bungwe loyang'anira nkhaniyo. Mwini bizinesi kapena bungwe akhoza kulembetsa webusayiti yake pa Google Search Console, kwaulere, n'kuona masamba amene akumulozera. Wina akabwera n'kulonjeza malo oyamba mukamulipira, mufunseni kumene malinkiwo adzachokere. Google yomwe imanena m'malangizo ake kuti palibe amene angatsimikizire munthu malo oyamba, ndipo malinki ogulidwa akagwidwa, imene imatsitsidwa ndi webusayiti yanu.