MMENE TIMU YA BASEBALL IMAMANGIDWIRA MWATSOPANO

M'nkhani yathu ya zamaseŵera lero tipita ku Amerika, kumene kuli maseŵera otchedwa baseball. Pa maseŵeraŵa munthu mmodzi amaponya kampira kolimba, wina nakamenya ndi chibonga, nathamanga kuzungulira bwalo. Tifuna kuona zimene eni timu amachita akaona kuti oseŵera ao akalamba, malipiro akwera, koma timu siikupambananso.

Poyamba tidziŵe malamulo ake. Mu ligi yaikulu ya Major League Baseball muli matimu 30, ndipo timu iliyonse imaseŵera ka 162 pa chaka. Timu yothera kumunsi siitsitsidwa ligi monga zimachitikira mu mpira wa miyendo. Woseŵera watsopano amakhala m'manja mwa timu yake zaka 6. Pa zaka zitatu zoyamba amalandira malipiro otsika, amene mu 2013 anali kuyambira pa madola 490,000. Pa zaka zotsatira malipiro amakwera mokambirana, ndipo pakavuta amagamula ndi amkhalapakati. Zaka 6 zikatha, woseŵerayo ali ndi ufulu wopita ku timu iliyonse imene yamulonjeza ndalama zambiri.

Tsono vuto limayambira pamenepa. Munthu amafika pa ufulu umenewu ali pafupi ndi zaka 30, mphamvu zili pafupi kuyamba kuchepa. Timu ikamlemba pa mgwirizano wa zaka zambiri, iyenera kumlipira ndalama zonse ngakhale avulale kapena aleke kuseŵera bwino. Motero timu ikhoza kumalipira ndalama zankhaninkhani kamba ka ntchito imene munthu adaigwira kale.

Izi ndizo zidaonekera timu ya Houston Astros ya ku Texas. Mu 2005 idafika pa mpikisano wotsiriza wa World Series, koma patapita zaka zisanu idali itafooka, achinyamata aluso oloŵa m'malo ali ochepa. Idayamba kutumiza akatswiri ake ku matimu ena mosinthana ndi anyamata osadziŵika. Roy Oswalt ndi Lance Berkman adachoka mu 2010, Hunter Pence ndi Michael Bourn mu 2011. Kumapeto kwa chaka chimenecho Jim Crane adagula timuyo nalemba Jeff Luhnow kuti aiyendetse, ndipo iwo adapitiriza ntchitoyi mwamphamvu.

Kuchotsa woseŵera wamkulu n'kovuta ndithu. Amene watha zaka 10 mu ligi, zisanu zotsirizazo ali ku timu imodzi, ali ndi mphamvu yokana kusamutsidwa, ndipo ena amalembetsa mphamvu yomweyo m'mgwirizano wao. Carlos Lee adali pa mgwirizano wa zaka 6 wa madola 100 miliyoni. Mu 2012 adakana kupita ku Los Angeles Dodgers. Pambuyo pake adapita ku Miami Marlins, koma Houston idavomera kulipirabe pafupifupi ndalama zonse zimene zidatsala. Mwina mufunsa kuti, nanga phindu lake n'lotani? Yankho lake n'lakuti ndalamazo zidali zoti zilipidwe ndithu. Pozilipira yokha, Houston idalandira anyamata aŵiri, nipezanso malo oyeserapo achinyamata.

Pofika 2013 malipiro a timu yonse adali osafika madola 30 miliyoni, ochepa kuposa a timu ina iliyonse. Alex Rodriguez wa New York Yankees payekha ankalandira ndalama zoposa za oseŵera onse a Houston pamodzi. Pa bwalo zinthu zidaipa kwabasi. Timuyo idagonja ka 106 mu 2011, ka 107 mu 2012 ndi ka 111 mu 2013.

Kugonjaku kudali ndi mphotho yake. Pa nthaŵiyo timu yothera kumunsi ndiyo inkayamba kusankha pakati pa achinyamata ochokera m'masukulu. Mu 2012 Houston idasankha Carlos Correa wa ku Puerto Rico, mnyamata wa zaka 17. Komabe si onse adabala zipatso. Mark Appel, wosankhidwa poyamba mu 2013, sadaseŵereko timu yaikulu ya Houston. Brady Aiken wa mu 2014 sadagwirizane nayo, ndipo mwaŵi umene idapatsidwa m'malo mwake ndiwo udabweretsa Alex Bregman mu 2015. Idalakwitsanso potaya J.D. Martinez mu 2014, amene adakasanduka katswiri ku Detroit. Chanzeru chimene idachita n'kumanga msanga Jose Altuve wa ku Venezuela, mu 2013, pa mgwirizano wa zaka zinai wa madola 12.5 miliyoni okha.

Achinyamata atakhwima, ndalama zosungidwa zija zidayamba kugwira ntchito. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Pokonzekera 2017 Houston idatenga Brian McCann, Josh Reddick ndi Carlos Beltrán, amene chaka chimenecho adakwanitsa zaka 40. Pa 31 Ogasiti idatenganso Justin Verlander ku Detroit. Apa zinthu zidatembenuka, pakuti tsopano Detroit ndiyo inkamanga mwatsopano, ndipo ndiyo idalipirako mbali ina ya malipiro ake. Houston idapambana ka 101, nigonjetsa Dodgers pa World Series.

Chipambanochi chidadetsedwa. Mu Januwale 2020 akuluakulu a ligi adapeza kuti timuyo inkaba ndi kamera zizindikiro za adani ake. Luhnow ndi mphunzitsi A.J. Hinch adachotsedwa ntchito, timu idalipitsidwa madola 5 miliyoni, ndipo woseŵera yekhayo amene adatchulidwa dzina m'chigamulocho adali Beltrán uja, wamkulu amene achinyamata ankamumvera. Houston idadzatenganso chikhocho mu 2022.

Matimu ena adatsanzira njirayi, ndipo bungwe la oseŵera lidadandaula. Matimu ambiri akaleka kufuna oseŵera achikulire, ntchito zao zimasoŵa ndipo malipiro amatsika. Ochemerera nawonso amagula matikiti kuti akaonere timu imene eni ake sakufuna kuti ipambane chaka chimenecho. N'chifukwa chake m'mgwirizano wa mu 2022 lamulo lidasinthidwa: malo 6 oyamba osankhira achinyamata amagaŵidwa mwa maere, kotero kuti kuthera kumunsi sikutsimikizanso mwaŵi woyamba.

Omvera, inu amene mumayendetsa matimu m'midzi ndi m'matauni, ganizirani funso limene ku Amerika akulimbana nalobe: kodi ochemerera angapirire zaka zingati za kugonja pa lonjezo la chikho cha m'tsogolo?