Mikono ya Thirakitala Ikamapindika: Kodi Muyenera Kuda Nkhawa?

MAGULU ambiri a alimi amasonkherana ndalama kwa zaka zingapo kuti agule kathirakitala kokhala ndi mikono ndiponso chidebe chonyamulira katundu kutsogolo. Ndiye tsiku lina dalaivala akunyamula mchenga, wina amaona mikono ija ikupindika pang'ono ndipo mbali imodzi ya chidebe yatsika. Mitima imakhala m'mwamba. Kodi chuma cha gulu chayamba kuwonongeka?

Chitsulo Chimapindika N'kubwerera

Amene ananyamulapo katundu pa nsungwi amadziwa kuti imapindika, koma akatula imawongoka. Chitsulo chimachitanso chimodzimodzi, kungoti pang'ono chabe. Choncho mikono kunjenjemera pamabampu, kapena kupindika pang'ono chidebe chikadzaza, si vuto. Muyezo wake ndi uwu: mukakhuthula katundu, kodi mikonoyo yabwerera mmene inalili? Ngati yabwerera, zili bwino. Ngati yatsala yokhota, chitsulo chapitirira malire ake.

Kuti mutsimikize, imikani thirakitala pasimenti pamalo athyathyathya, chidebe chili chopanda kanthu. Pimani mpweya m'matayala onse, chifukwa tayala limodzi lakumbuyo likaphwa pang'ono limapendeketsa thirakitala yonse, ndipo chidebe chimaoneka chokhota pamene sichinakhote. Kenako tsitsani chidebe pang'onopang'ono. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngodya zonse ziwiri zifike pansi pafupifupi nthawi imodzi. Ngati ina yagunda pansi inzake idakali m'mwamba, pimani mpatawo ndi tepi n'kulemba m'buku la gulu. Mpata umene ukukulirakulira mwezi ndi mwezi ndiwo woopsa.

Kupindika Kumasiyana ndi Kugwedera

Nthawi zambiri chimene anthu amachitcha kupindika chimakhala kugwedera. Yambani ndi mabawuti amene amagwiriza felemu ya mikonoyi ku thirakitala. Akakhwefuka, felemu imasewera ndipo imatha kung'ambula chitsulo chimene yamangidwapo, chomwe n'chodula kwambiri kukonza. Kenako onani mapini ndi mabushi. Mpata waung'ono papini yakutha umakula kwambiri ukafika kumlomo kwa chidebe. N'chifukwa chake mabuku ambiri a opanga makinawa amalangiza kupaka girisi pakatha maola 10 aliwonse ogwira ntchito.

Pomaliza, tsukani mikonoyo n'kuyang'anitsitsa m'malo owotcherera, makamaka pamene paipi yopingasa imalumikiza mikono iwiriyo. Penti yong'aluka kapena kamzere ka dzimbiri m'mphepete mwa powotcherera ndi chizindikiro cha mng'alu. Mukauona, ntchito iime mpaka wowotcherera waluso akonze.

Koma ngati chidebe chonse chimatsika chokha mwapang'onopang'ono, vuto lili m'masilinda kapena m'mavalavu a hayidiroliki. Pofufuza pamene mafuta akudontha, gwiritsani ntchito kachidutswa ka katoni, osati dzanja, popeza mafutawa amatuluka ndi mphamvu yotha kuboola khungu.

Chimene Chimapotola Mikono

Mikono iwiriyi inapangidwa kuti izigawana katundu mofanana. Ikamazula chitsa ndi ngodya imodzi ya chidebe, ikamagumula chulu mothamanga, kapena ikamakoka ngolo yotitimira ndi tcheni chomangidwa mbali imodzi, imapotoka. Katundu azikhala pakati pa chidebe, ndipo zokoka zonse zizimangidwa pachitsulo chokokera cha kumbuyo.

Kulemera kwa katundu nakonso kumanamiza maso. Chidebe cha malita 200, chofanana ndi diramu imodzi, chikadzaza mchenga wonyowa chimalemera pafupifupi makilogalamu 400. Amenewa ndi matumba 8 a feteleza a makilogalamu 50. Manyowa ouma odzaza chidebe chomwecho ndi opepuka kwambiri. Dziwaninso kuti mabuku ena amatchula mphamvu ya mikono poyeza pamapini a chidebe, pamene ena amayeza masentimita 50 kutsogolo kwa mapiniwo. Nambala yachiwiriyi imakhala yaing'ono, koma ndiyo ikufanana ndi ntchito yeniyeni, chifukwa katundu akamatalikira kutsogolo mphamvu imachepa. Mikono ikakana kunyamula, ndiye kuti valavu yoteteza makina yagwira ntchito yake. Musalole makaniko kuimanga kuti iwonjezere mphamvu.

Moyo Uposa Chitsulo

Katundu wolemera kutsogolo amapeputsa matayala akumbuyo, ndipo pamtsetse thirakitala ingagubuduzike. Mangani cholemera kumbuyo, monga pulawo, ndipo poyenda chidebe chizikhala chapansi. Munthu asaime pansi pa chidebe chokwezedwa, kapena kukweramo, ngakhale injini itazima.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Gulu limene lagula thirakitala lisankhe munthu mmodzi wosunga buku la girisi, mabawuti ndi miyezo ya chidebe, ndipo aziwerenga zimene walemba pamsonkhano uliwonse. Pampu ya girisi ndi tepi yopimira n'zotchipa kusiyana ndi mkono watsopano.